Foni yasanduka chikwama cha mlimi wa m'malire

Ulónguè, Angónia. Amene anabwerako ku Malawi nkhondo itatha mu 1992 akukumbukira mmene uthenga unkayendera masiku amenewo. Maliro akagwa ku Domué, mnyamata ankapalasa njinga tsiku lathunthu, apo ayi abale ankapereka kakalata ku wailesi kuti akalengeze. Ndalama za mwana wa ku Joni zinkabwera m'thumba la munthu wapaulendo, ndipo nthawi zina zinkathera panjira. Lero uthenga ndi ndalama zomwe zikudzera m'kafoni kokwana m'dzanja. Tsono popeza chuma cha banja chalowa mmenemo, nkoyenera kuti tifunse ngati chili pabwino.

Zinthu zinayamba kusintha kumidzi mu 2012, pamene Movitel inafika ndi kudzala nsanja zake m'malo amene mafoni sankagwira. Chaka chotsatira, mu 2013, Vodacom inatsegula M-Pesa. Panali kale mKesh, ndipo pambuyo pake panadza e-Mola. Kuyambira mu 2022 munthu angathe kutumiza ndalama kuchoka pa imodzi mwa njira zitatuzi kupita pa inzake. Kwa mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano, phindu lake ndi loonekeratu: wogula wa ku Tete kapena ku Beira amalipira ali komweko, ndipo mwini katundu sayendanso usiku ndi mpukutu wa ndalama m'sokosi.

Chachiwiri chimene chakondweretsa anthu ndi WhatsApp. Agogo amene sanapite kusukulu amangodina, nkulankhula, mawu awo nkukafika kwa mdzukulu ku Maputo. Amalonda a nyemba ndi soya amafunsirana mitengo mwa njira yomweyo asanakweze matumba pagalimoto. Chachitatu ndi kasola ka padenga. Ngakhale magetsi a Cahora Bassa amapangidwa m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, midzi yambiri ikadali mumdima, kotero kasolako ndi kamene kamatchaja foni ndi kuunikira ana powerenga. Ena amakagula molipira pang'onopang'ono kudzera pafoni, koma dziwani kuti mukasiya kulipira kamazima kokha.

Komabe akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nyerere yoyamba ndi akuba. Ambiri a ife tinalandirapo uthenga wa m'Chipwitikizi wonena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala yakutiyakuti. Wakubayo sakudziwani. Amamwaza uthenga kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti pakati pawo pali wina amene analonjezadi kutumiza ndalama tsiku limenelo. Ena amaimba nkumati ndi antchito a kampani, ndipo akufuna PIN yanu kuti akonze vuto. Wantchito weniweni safunsa PIN. Nambala imeneyo ndiyo kiyi wa nkhokwe yanu, ndipo siyenera kunenedwa mokweza ngakhale pamaso pa wothandizira kutapa ndalama pamsika.

Nyerere yachiwiri ndi yachete, koma yoopsa koposa. Lamulo limafuna kuti khadi la foni lilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake. Kuno kumalire ambiri alibe BI, makamaka amene anabadwira kothawa nkhondo, choncho amabwereka chiphaso cha mlamu kapena kugula khadi lolembetsedwa kale pamsika. Zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene foni yatayika. Pamenepo kampani imazindikira dzina lolembedwa, osati nkhope ya amene anaikamo ndalama. Mlamu uja akakhala kuti anasamuka, anamwalira, kapena munayambana, ndalama za fodya za chaka chonse zimakhala pa dzina la wina.

Palinso nkhani ya malire enieniwo. Mafunde a foni sadziwa chipilala cha malire. Ku Calómuè, ku Biriwiri ndi ku Zóbuè foni imatha kulumphira yokha pa nsanja ya ku Malawi, kiredito nkutha msanga mwini wake osadziwa chifukwa. Nchifukwa chake foni ya makadi awiri ndiyo ikuyenda malonda: mbali ina khadi lakwathu, mbali ina la TNM kapena Airtel. Koma wosunga ndalama mbali zonse ziwiri akumbukire Novembala wa 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Foni imasunga chiwerengero cha ndalama, siyisunga mphamvu yake yogulira feteleza.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsanso kuti chingwe cha zonsezi chili m'manja mwa ena. Mu Meyi, bungwe la INCM linakhazikitsa mitengo yatsopano imene inakweza ma mega, ndipo inaimitsidwa anthu atadandaula kwambiri. Zisankho za pa 9 Okutobala zitapita, intaneti ya pafoni inkadulidwa, WhatsApp ndi Facebook nkumavuta kutseguka. Pamenepa kafoni ka mabatani kanaonetsa ulemu wake, pakuti kutumiza ndalama podina *150# kapena *898# sikudalira intaneti.

Tinene chiyani tsono, abale? Kubwerera ku kakalata ndi njinga palibe amene akufuna. Chofunika nchakuti a boma afikitse ntchito yopanga BI kumidzi ya m'malire, makampani atumize machenjezo awo m'Chinyanja osati m'Chipwitikizi chokha, ndipo mafumu ndi wailesi za m'madera azikamba za akubawa monga amakambira za akuba ng'ombe. Koma inu amene mukuyembekeza ndalama za zokolola, musanapereke nambala kwa wogula, pitani ndi chiphaso chanu ku shopu ya kampani mukafunse dzina limene lili pa khadi lanu. Mukapeza la wina, konzani zimenezo msika usanatsegulidwe.