BODZA LA MGODI LISAKWIRIRE ZOONA ZA TSANKHO

Dzina la Elon Musk, mpondamatiki wa ku America, si lachilendo m'malire muno, pakuti kampani yake ya Starlink inayamba kugulitsa intaneti ku Mozambique ndi ku Malawi m'chaka cha 2023. Pamodzi ndi dzinalo payendanso mphekesera pa Facebook ndi WhatsApp yoti chuma cha mkuluyu chinachokera ku mgodi wa bambo ake ku South Africa, komwe anthu akuda ankakumba ngati akapolo.

Nkhaniyi imalowa msanga m'makutu a anthu a ku Angónia chifukwa tsankho amalidziwa. Asilikali a boma la azungu ku Pretoria ankapereka zida kwa Renamo, ndipo makalata omwe anapezeka ku Gorongosa mu 1985 anaonetsa kuti thandizolo linapitirira ngakhale pangano la Nkomati linali litasainidwa mu 1984. Mabanja ambiri a ku Ulónguè ndi Dómuè anasiya minda nathawira ku Dedza ndi Ntcheu. Komabe kupweteka kwa chilonda sikusandutsa mphekesera kukhala umboni.

Zodziwika ndi izi. Musk anabadwira ku Pretoria mu 1971 ndipo anachoka mu 1989 kupita ku Canada, asanalowe usilikali wokakamiza wa anyamata achizungu. Miyala yobiriwira ya emerald yomwe ikunenedwayo inali ya ku Zambia, dziko la Kenneth Kaunda lomwe linkasunga omenyera ufulu a ANC. Bambo ake, a Errol Musk, anauza atolankhani mu 2018 kuti anali ndi gawo mu mgodi kumeneko, koma mwana wawo anakana. Buku la Walter Isaacson la mu 2023 likuti bamboyo anapereka ndege yake yaing'ono mu 1986 posinthana ndi miyala, koma mgodi sunali wake. Chuma chachikulu cha Musk chinayamba kuoneka mu 1999 pamene kampani ya Zip2 inagulitsidwa, kenaka mu 2002 pamene PayPal inagulidwa ndi eBay.

Izi sizikuyeretsa banjalo. Agogo ake a kuchikazi, a Joshua Haldeman, anasamuka ku Canada mu 1950 kukakhala ku South Africa, ndipo ankaikira kumbuyo ulamuliro wa tsankho poyera. Musk mwini anakula monga mwana wa mzungu wopeza bwino, anaphunzira sukulu za azungu zomwe ana akuda ambiri sankaloledwa kupondamo, pa nthawi yomwe amuna a kuno ankatha mapapo m'migodi ya golide. Zimenezi ndi zoona, ndipo n'zolemera kale popanda kuonjezapo mchere.

Vuto la bodza n'lakuti likagwidwa limagwetsa ndi choona chomwe. Munthu woikira kumbuyo tsankho akangotsimikiza kuti mgodi wa akapolo uja kunalibe, amayamba kunena kuti zonse zonenedwa za nthawi imeneyo n'zopeka. Woluza ndi mayi amene anaika mwana wake ku msasa wa othawa nkhondo, amene umboni wake uyamba kukayikiridwa.

Kubwalo la a mfumu, wodandaula za malire a munda amafunsidwa kuti mboni yake ndani ndipo inaona liti. Wonena kuti anangomva amabwezedwa, poti akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Uthenga wa pa foni uyenera kufunsidwa chimodzimodzi usanatumizidwe kwa wina: wanena ndani, zinachitika chaka chiti, ndipo m'dziko liti. Pa nkhani ya Musk, funso lachitatulo lokha likanakwanira.

Aphunzitsi, akatekisiti ndi achinyamata odziwa Chipwitikizi ndi Chingerezi ali ndi udindo wothandiza makolo kusefa zimenezi. Mlandu wa tsankho suola, ndipo anthu a ku Angónia ali nazo mboni zenizeni zouimbira.