LAMYA ITHANDIZE ODWALA MAGANIZO, KOMA MANKHWALA AKHALE PAFUPI

Munthu wa ku Lundazi, Petauke kapena Katete akadwala nthenda ya m'maganizo, abale ake amasowa cogwira. Ena amagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama za ulendo wa ku cipatala, pamene ena amangomutsekera m'nyumba ndi kunena kuti walodzedwa. Cipatala cacikulu ca matenda amenewa, Chainama Hills, cili mu Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata.

Lamulo la Mental Health Act la caka ca 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1949, linapatsa odwala otere ufulu wolandira cithandizo mwaulemu. Koma ufulu umenewu ulibe phindu kwa mlimi ngati dotolo ali kutali.

Apa ndi pamene lamya ya m'manja ingathandize. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utaletsa misonkhano, bungwe la StrongMinds linayamba kulangiza anthu ovutika maganizo pa lamya. Bungwe la Lifeline Childline Zambia liri ndi manambala aulere: 933 ya akulu ndi 116 ya ana. Namwino wa pa kiliniki ya kumudzi angafunse nzeru kwa dotolo wa mu Lusaka wodwala ali pomwepo. Uthenga wolembedwa ungakumbutse munthu tsiku lotenga mankhwala, ndipo wosamva angafotokoze vuto lake mwa kulemba.

Komabe akulu anati walira mvula walira matope. Midzi ina ilibe mafunde a lamya, ina ilibe magetsi. M'mabanja ambiri lamya ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba la bambo. Kodi mai amene mtima wake wasweka cifukwa ca nkhanza za mwamuna yemweyo adzalankhula bwanji momasuka? Coposa zonse, mankhwala sayenda pa lamya. Wodwala akauzidwa dzina la mankhwala koma ku kiliniki kulibe, nchito yonse yapita pacabe. Ndiponso munthu amene afuna kudzipha afunika mnzake womukhalira pafupi kufikira atafika ku cipatala.

Cotero Unduna wa Zaumoyo uyenera kuika lamya ya Boma pa kiliniki iriyonse, m'cipinda cimene wodwala angalankhuliremo popanda omvetsera. Alangizi oyankha akhale odziwa Cinyanja, Cinsenga ndi Citumbuka, osati Cingelezi cokha. Bungwe la ZICTA lifulumize kumanga nsanja za lamya m'madera akutali, ndipo mankhwala afike pa nthawi yake.

Mafumu ndi anyakwawa nawonso ali ndi mbali yao. Aphunzitse anthu ao manambala aulere aja pa misonkhano ya mudzi, ndi kuwauza poyera kuti nthenda ya m'maganizo imacizika monga matenda ena onse. Banja limene liri ndi wodwala lisacite manyazi. Liimbe lamya lero, ndipo mawa limperekeze ku kiliniki.