NSOMBA YAMOYO SI KALATA

Pali malonda ena m'dziko lathu lino amene ambiri a ife a ku Namadzi ndi a ku midzi yonse ya kumtunda sitiwadziwa, ngakhale achitika zaka zoposa 50. Ndiwo malonda a nsomba zamoyo. Anthu agwira nsomba zazing'ono zokongola za m'Nyanja ya Malawi, nazitsekera m'matumba a pulasitiki, nazikweza ndege ku Lilongwe kunka nazo ku Ulaya ndi ku Amereka. Kumeneko sazidya iai. Aziweta m'mabokosi a galasi m'nyumba zao, monga ife tiweta nkhunda pakhomo. Ndipo nsomba zija zikaswana, oweta atumizirana ana a nsombazo pa positi, kuchokera mudzi wina kufikira mudzi wina wakutali.

Munthu wa kwathu akamva zimenezi aseka, nati, "Nsomba yosadya njachiani? Ngati Azungu afuna kutaya ndalama zao pa tinsomba ta m'miyala, alekeni atenge. Nyanja siitha nsomba." Mau amenewa ndiwo ndifuna kutsutsana nao, pakuti ndi mau a ulesi, ndipo atitayitsa kale zambiri. Ine nditi nsomba yamoyo si kalata. Kalata, ukamata sitampa ndi kuiponya m'bokosi, ntchito yako yatha. Koma wotumiza chamoyo ali nayo milandu itatu yoti ayankhe: mlandu wa pa ulendo, mlandu wa kumene nsomba ichokera, ndi mlandu wa kumene ifika.

Tiyambe ndi wa pa ulendo. Nsomba ya m'thumba ipuma m'madzi omwewo m'mene itayiramo zonyansa zache, ndipo m'zonyansazo muli ululu wotchedwa amoniya. Chifukwa chache wotumiza wodziwa ntchito ayamba waimana chakudya tsiku limodzi kapena awiri, kuti m'mimba mwache muyere. Pamenepo athira madzi pang'ono, gawo limodzi la magawo atatu a thumba, nadzaza magawo awiri otsalawo ndi mpweya wa okosijeni. Pakuti chimene chiyamba kutha m'thumba ndi mpweya. Aika thumba m'kati mwa thumba linzache, popeza minga ya pamsana pa nsomba iboola pulasitiki. Zazimuna zolusa aziika iriyonse m'thumba lachelache, kuti zingaphane. Potsiriza alonga matumba m'bokosi losunga kutentha, pakuti nsomba za m'nyanja yathu zinazolowera madzi ofunda, a madigiri 23 kufikira 28, ndipo mphepo ya ku Ulaya izipha usiku umodzi. Ngakhale pozigwira pafunika kudekha: nsomba ya pansi penipeni ukaikweza msanga, kathumba ka mpweya ka m'mimba mwache katupa, ndipo ifa. Amisiri aikweza pang'onopang'ono, ngakhale kutenga masiku.

Wolandiranso ali ndi gawo lache. Pokhala thumba liri chitsekere, mpweya woipa umene nsomba ipuma uwawasitsa madzi, ndipo m'madzi owawasa amoniya achepa mphamvu. Koma tsegulani thumba, mpweya uja uthawa, ndipo ululu uuka pomwepo. Wopanda nzeru asiya nsomba m'thumba lotsegula, nati ipumule, osadziwa kuti alikuipha. Wanzeru ayandamitsa thumba chitsekere pa madzi atsopano kanthawi, kuti kutentha kulingane, pamenepo atsegula, naichotsamo msanga.

Zonsezi nzodziwika, ndipo siziri zovuta. Tsono amene alonga nsomba 20 m'thumba loyenera nsomba 5, nati, "Zikafa zina, zotsala zibweza ndalama," asanamizire umbuli. Chimene chimchititsa ndi umbombo. Ndani mwa ife angayamike munthu wopanikiza nkhuku m'dengu kufikira theka la izo lifera pa njira ya ku msika?

Mlandu wachiwiri ndi wa kumene nsomba ichokera, ndipo pano ndi pamene mau aja akuti "nyanja siitha nsomba" agwa chagada. Nzoonadi kuti Nyanja ya Malawi iposa nyanja zonse za pa dziko lapansi pa kuchuruka kwa mitundu ya nsomba. Ya fuko limodzi lokha la chambo ndi abale ache iposa 700. Koma kuchuruka kwa mitundu sikutanthauza kuti mtundu uliwonse ngwochuruka. Nsomba za m'miyala, zimene Atonga azitcha mbuna, siziyenda kutali. Ziopa kuoloka mchenga kapena madzi akuya. Kotero mulu wina wa miyala uli nao mtundu wache, umene supezeka pena paliponse pansi pa thambo. Ndiponso siziikira mazira zikwizikwi. Yaikazi isunga mazira owerengeka m'kamwa mwache ngati masabata atatu, osadya. Mtundu wotere khoka silichedwa kuutha.

Taonani kansomba kotchedwa saulosi. Dzina lache linachokera kwa Saulos Mwale, mmisiri wa kwathu womira pansi pa madzi, ndipo Ad Konings ndiye anakalemba m'mabuku a akatswiri m'chaka cha 1990. Kakamuna nkobiriwira ngati thambo, kakakazi nkachikasu, ndipo kwao nkumodzi kokha, pa miyala ya Taiwanee, kufupi ndi chisumbu cha Chizumulu. Oweta a kunja atakaona anakakonda, ogwira anabwerezabwereza pa miyala yomweyo, kufikira pamene kale panali magulumagulu panatsala towerengeka. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN, limene liwerenga zamoyo zotsala pang'ono kutha, linaika saulosi pa mndandanda wa zokhala pa ngozi yoopsa, pamodzi ndi mbuna ina ya pa miyala ya Chidunga, kufupi ndi Chipoka, yotchedwa chipokae. Ha! Nsomba yotchedwa ndi dzina la mwana wa dziko lino ichuruka m'nyumba za ku Germany, ndi kusowa m'madzi a kwao!

Ogulitsa adzayankha nati, "Mutinenera ife chiani? Ife titenga pang'ono; otha nsomba ndi a makoka a maso ang'onoang'ono." M'mau awa muli choonadi. Chambo sichinachepe chifukwa cha mabokosi a galasi iai, koma chifukwa cha makoka ndi mbale zathu zomwe. Nzoonanso kuti malonda amenewa, monga a Stuart Grant amene anakhazikika ku Kambiri, kufupi ndi Senga Bay, m'zaka za m'ma 1970, analemba anthu ntchito, nadziwitsa dziko lonse ulemerero wa nyanja yathu. Koma mlandu wa mnzako sufafaniza wako. Ndipo nkhani ya chambo ichitira umboni mau anga: ngati nsomba ya nyanja yonse ikhoza kuchepa chomwechi, nanga kansomba ka pa mulu umodzi wa miyala?

Njira yabwino iripo, ndiyo kuweta. Pali mbuna yachikasu ya ku miyala ya kumpoto kwa Nkhata Bay, imene lero igulitsidwa m'maiko ambirimbiri. Nsomba zowerengeka za mtundu umenewu zinafika kwa Pierre Brichard ku Burundi m'zaka za m'ma 1980; iye anaziswetsa m'maiwe, nagulitsa zikwi. Lero alimi a ku Florida ndi a ku Asia aswetsa nsomba za m'Nyanja ya Malawi, nalemera nazo, pamene ife eni ache tiri kuseka kuti nsomba yosadya njachiani. Kodi ife amene tiweta makumba ndi chilunguni m'maiwe, ife amene tiri nao akatswiri a ulimi wa nsomba pafupi pomwepa ku Domasi, sitingathe kuphunzira kuswetsa mbuna? Ngakhale saulosi uja, m'zaka za m'ma 2010 anthu anayamba kubwezera pa miyala ya Taiwanee ana oswedwa m'manja mwa oweta. Kuweta kuchurukitsa chuma, ndi kusiya nyanja iri yodzaza.

Mlandu wachitatu, wa kumene nsomba ifika, ndiwo woopsa koposa, pakuti madzi akatayika saoleka. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ogulitsa ena anataya nsomba zogwidwa kumpoto kwa nyanja pa chisumbu cha Thumbi, ku Cape Maclear. Alendo aja anakhazikika, naswana, nalimbana ndi eni malo pa chakudya ndi pa mapanga. Ndipo akatswiri anapeza kuti ena anakwatirana ndi eni malo, nabala mitundu yosakanizika. Malo amenewo ndiwo anasanduka nkhalango yotetezedwa ya Nyanja ya Malawi m'chaka cha 1980, nalowa m'kaundula wa UNESCO m'chaka cha 1984. Koma palibe lamulo kapena msilikari angathe kusankhula alendo aja m'madzimo. Ku Nyanja ya Victoria kunachitika zoposa izi. M'zaka za m'ma 1950 anthu anathiramo nsomba yaikuru yolusa, imene a ku Tanzania aitcha sangara. Pofika zaka za m'ma 1980 inali itadzaza nyanja, ndipo mitundu ngati 200 ya abale a mbuna inasowa.

Wina adzati, "Zonsezi nza kunyanja, ife a ku Namadzi zitikhudza bwanji?" Zitikhudza ndithu. Ifenso tinyamula nsomba zamoyo. Mlimi wa dziwe agula mbeu ya nsomba kwa mnzache, naithira m'ndowa, naimanga pa njinga dzuwa liri pamutu. Pofika kwao theka lafa, ndipo ati mbeu inali yoipa. Zotsalazo azikhuthulira m'dziwe pamodzi ndi madzi ache omwe, osafunsa ngati madziwo abwera ndi nthenda. Kumbukirani chaka cha 2020, pamene nthenda ya zilonda za nsomba inabuka ku Mchinji, Boma niletsa kunyamula nsomba kuchokera kumeneko. Kumbukiraninso kuti madzi a mtsinje wa Namadzi atsikira ku Nyanja ya Chilwa, kumene kuchokera matemba amene ana athu adyera nsima. Chimene munthu ataya m'khwawa la kuseri kwa nyumba yache, mvula ya Januwale idzachipereka kwa asodzi a ku Kachulu. Chifukwa chache lamulo la za nsomba la chaka cha 1997 liletsa kusamutsa nsomba zamoyo kuchokera m'madzi ena kunka nazo m'madzi ena popanda chilolezo. Lamulo limeneli lisunga ndiwo za mawa, ndipo wolinyoza abera anansi ache.

Tsono ndipempha zinthu izi. Akuru a Boma oyang'anira za nsomba asapereke chilolezo cha kugwira mitundu yotsala pang'ono kutha, ndipo otumiza nsomba kunja awakakamize kuweta zimene agulitsa. Otumiza awerenge nsomba zofika zamoyo, ndi kuchita manyazi ndi zofera m'thumba. Ife alimi tinyamule mbeu m'mamawa kukali kozizira, yosapanikizana, yomanidwa chakudya dzulo lache. Tiisunge payokha masabata angapo tisanaisakanize ndi nsomba zathu, ndi madzi a ulendo tithire pa mtunda pouma, kutali ndi mtsinje. Ndipo ife aphunzitsi tiuze ana kuti m'nyanja yao muli zolengedwa zimene Mlengi sanaziika kwina kulikonse, ndi kuti anatiikiza izo kuti tizisunge.

Chakudza sichiimba ng'oma, abale. A ku Victoria anazindikira nsomba zitatha kale. Ife tachenjezedwa zikalipo. Mukamvanso munthu alikunena kuti nyanja siitha nsomba, mumfunse mtengo wa chambo pa msika wa ku Limbe, ndipo muone ngati adzabwerezanso mau ache.

Ndine wanu,
Mphunzitsi, Namadzi.