Tisagulitse zonse, impso zathu zikudalira nkhokwe

Alimi anzathu, nyengo yokolola ikafika malole a mavenda amadzaza m'midzi mwathu. Nyemba, mtedza, soya, nandolo, zonse timakweza pa sikelo. Ndalama ikalowa m'thumba timabwerera kunyumba ndi mchere, shuga, zokometsera ndiwo za m'mapaketi ndi zakumwa zotsekemera, banja n'kutha chaka likudya nsima ya ufa woyera ndi usipa wamchere. Ife tikuti malonda amenewa tikuluza nawo, ndipo ngongole yake ikulipiridwa ndi impso zathu.

Impso zimasefa magazi usana ndi usiku, n'kutulutsa zoipa kudzera mu mkodzo. Zikayamba kuwonongeka sizipweteka. Munthu amalima bwinobwino kwa zaka, n'kudzazindikira mapazi ndi nkhope zitatupa, mphamvu zitatha. Matenda amene amaziwononga kwambiri ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kumene timati BP. Ena amati awa ndi matenda a mabwana a m'tauni. Si zoona. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, kumudzi ndi m'tauni momwe, ndipo ambiri sankadziwa.

Impso zikaleka kugwira ntchito, wodwala amafunika makina osefera magazi a dialysis, amene amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Amakhala pa makinawo kawiri kapena katatu pa sabata, maola pafupifupi 4 ulendo uliwonse. Kodi mlimi wa ku Nsanje kapena ku Mchinji angapalire liti munda wake? Wofuna kuikidwa impso ina amapita kunja, monga ku India, ndipo akabwerako amamwa mankhwala moyo wake wonse. Kwa ife alimi ang'onoang'ono, chitetezo chimene tingakwanitse chili m'mbale.

Tiyambe ndi mchere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi. Muyezo umenewu ukuphatikiza mchere wa mu nsomba zouma, wa mu zokometsera ndiwo, ngakhale soda amene timathira mu therere. Tiziviika nsomba zamchere n'kutaya madziwo, ndipo ndiwo tizikometse ndi anyezi, tomato, adyo ndi nsinjiro. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amatiphunzitsa timalima ndi kuweta tokha. Mgaiwa, nyemba, bonongwe, nkhwani, mapapaya ndi dzira ndi chakudya chimene chimathandiza kupewa BP ndi shuga. Popita kumunda tizinyamula madzi akumwa, chifukwa kulima padzuwa thupi litauma kumavutitsa impso. Tisiyenso chizolowezi chomwa tsiku ndi tsiku mapilitsi ophera ululu monga ibuprofen ndi diclofenac msana ukawawa.

Koma tichenjezane apa. Amene impso zake zawonongeka kale sadya monga ife tonse. Nthochi, mapeyala, mbatata, kachewere, tomato ndi chidulo zili ndi mchere wina wotchedwa potaziyamu, umene impso zodwala zimalephera kuutulutsa, ndipo ukachuluka m'magazi ukhoza kuimitsa mtima. Muyezo wa nyemba, nyama ndi madzi amwenso auzidwe ndi adokotala. Amene anaikidwa impso ina amamwa mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi kuti thupilo lisakane impsoyo. Choncho madzi ndi mkaka wake ziwiritsidwe, nyama ndi mazira zipse bwino, ndipo asadye chimbala chongogona. Manyumwa asawakhudze, chifukwa amasokoneza mankhwalawo, ndipo mankhwala azitsamba asamwe asanafunse kuchipatala.

Tikudziwa zimene ena anganene: fizi ya ana ndi feteleza sizidikira, tingasunge bwanji nyemba? Funsoli ndi lomveka, ndipo likusonyeza kuti nkhani ya impso ndi nkhaninso ya mitengo. Mlimi amagulitsa mpaka thumba lomaliza chifukwa mtengo ndi wozizira. Tikamagulitsa pamodzi m'makalabu, pa sikelo yolondola ndi pa mtengo wabwino, matumba ochepa angakwanire zosowa zathu, ena n'kutsala a pakhomo.

Choncho tikupempha kalabu iliyonse kuti isanagulitse igwirizane za gawo la nyemba, mtedza ndi soya limene banja lililonse lisunge kufikira kukolola kwina. Tikupempha maunduna a Zaulimi ndi Zaumoyo kuti pa tsiku la chionetsero cha ulimi pazikhalanso oyeza BP ndi shuga. Tsiku lokumbukira impso pa dziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Malichi, nthawi imene mbewu zili m'munda ndipo zionetsero zili mkati. Tikupemphanso aphungu athu aonetsetse kuti zipatala za kumidzi sizikusowa makina oyezera ndi mankhwala a BP ndi shuga.

Pa msonkhano wa kalabu mwezi uno, nkhaniyi tiike pa mndandanda wa zokambirana, mavenda asanafike.