Masamu Asagulitsidwe ngati Usipa

Ku Nkhunga, mwana akalephera samu imene wapatsidwa kuti akalembere kunyumba, athamangire kwa yani? Bambo ake ali panyanja kapena m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, ndipo mayi ake alijebula sanamuonepo. Wotsala ndi mphunzitsi basi. Chomvetsa chisoni n'chakuti aphunzitsi ena asandutsa vutoli msika. Mitu yovuta ya masamu ndi sayansi amaithamangira m'kalasi, n'kukaifotokoza bwino madzulo kwa okhawo amene alipira.

Ena amati malipiro a aphunzitsi ndi ochepa. N'zoona, koma kodi mlandu wa boma aulipe mwana wa msodzi? Pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, n'kusandutsa ma DEC kukhala sukulu za sekondale zoyendera mu 1998, cholinga chinali chakuti osauka nawonso aphunzire. Zambiri mwa sukuluzi zinayamba zopanda labotale, mwana n'kumaloweza za asidi asanamuonepo. Tsono ngati kufotokozera komwe kuli pamtengo, mayeso a MANEB akupima nzeru za mwana kapena thumba la kholo?

Mphunzitsi wamkulu aliyense apatule ola limodzi madzulo loti ophunzira azibwera ndi mafunso awo osalipira ngakhale tambala.