Safunsa anadya phula: mawu kwa oweta njuchi kumaiko achisanu

Ana athu amene munakhazikika ku Britain ndi kumaiko ena ozizira, tamva kuti ena mwa inu mwayamba kuika ming'oma kuseri kwa nyumba. Mwachita bwino. Koma tcherani khutu. Nzeru ya kwathu yopachika mng'oma mumtengo n'kukauonanso nthawi yofula, kumeneko imapha njuchi. Njuchi zake n'zina, nyengo yake njina, ndipo kuli mdani amene agogo athu sanalimbane naye.

Mdaniyo ndi nthata yotchedwa varroa, kachilombo kofiirira, kophwatalala, kamene kamakakamira pa njuchi ngati nkhupakupa pa ng'ombe. Kwawo ndi ku Asia, kumene njuchi zakumeneko zinazolowera kukhala nako. Katalumphira pa njuchi zoweta za ku Ulaya, kanafalikira msanga. Ku Britain kanapezeka koyamba ku Devon mu 1992, ku South Africa mu 1997, ndipo Australia, imene inakatsekera khomo zaka zambiri, inakapeza padoko la Newcastle mu 2022. Njuchi za ku South Africa zinavutika poyamba, kenako zinaphunzira kupirira popanda mankhwala. Zambiri za ku Ulaya sizitero. Mukangozisiya, pakapita zaka zochepa mng'oma umatsala zisa zokhazokha.

Nthata yaikazi imalowa m'kachipinda ka mphutsi njuchi zisanakamate ndi phula, n'kuikira mazira mmenemo. Ana ake amakula akudya mwana wa njuchi, n'kumupatsiranso matenda opunduza mapiko. Kwa nthawi yaitali anthu ankati imayamwa magazi, mpaka mu 2019 pamene Samuel Ramsey ndi anzake ku America anaonetsa kuti imadya mafuta a m'thupi mwa njuchi, omwe ndi nkhokwe yake ya mphamvu. Choncho mng'oma wodzaza ndi ana, umene mwini wake amanyadira mu Julayi, ndi umenenso nthata zimaswanamo kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Njuchi yobadwa nthawi ya maluwa imakhala moyo pafupifupi masabata 6 basi. Koma zobadwa mu Seputembala ndi Okutobala ziyenera kufika mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo chimazifikitsa ndi mafuta omwe aja. Ngati nthata zinazidya zikadali mphutsi, palibe mankhwala a mu Disembala amene angazibwezere thanzi. Madzi akatayika saoleka. Nkhondo yeniyeni ndi ya mu Ogasiti, mukangochotsa uchi, pogwiritsa ntchito mankhwala monga a thymol kapena a amitraz. Musakakamire mtundu umodzi chaka ndi chaka, chifukwa pofika 2001 ku Britain kunali kutapezeka kale nthata zosamva mankhwala a Apistan ndi Bayvarol.

Nanga mankhwala a m'chisanu ngachiyani? Ngoteteza ana a chaka chamawa. Kukazizira kwambiri, make njuchi amachepetsa kuikira mazira, nthawi zina kulekeratu kwa masabata angapo, ndipo njuchi zonse zimaunjikana pamodzi kuti zifunditsane. Pamenepo nthata zilibe pobisala, zonse zili pamatupi a njuchi. Asidi wa oxalic, yemwe ndiye mankhwala a m'chisanuwo, sadutsa phula lomata, koma nthawi imeneyi amatha kupha nthata zoposa 9 pa 10 zilizonse. Mpata wake ngwaufupi, kawirikawiri mu Disembala, ndipo ukadutsa make akayambanso kuikira, mwataya ndalama. Ena amadikira tchuthi cha Khirisimasi poti ndi pamene amapeza nthawi. Njuchi sizidziwa tchuthi chanu. Kuti mudziwe ngati mpatawo wafika, lowetsani thabwa pansi pa mng'oma kwa masiku angapo, muone zogwerapo: tizinyenyeswa tabulauni ta phula ndi chizindikiro choti mumng'omamo mukadali ana amene akutuluka.

Njira zoperekera asidiyo n'ziwiri. Yoyamba ndi kudonthetsa mamililita 5 a asidi wosakaniza ndi madzi a shuga, wofunda pang'ono, pa mpata uliwonse wa pakati pa zisa pamene mukuona njuchi. Muchite kamodzi kokha, ndipo mufulumire kutseka kuti kutentha kusathawe. Yachiwiri ndi kutenthetsa asidiyo kuti alowe mumng'oma ngati nthunzi. Iyi simutsegula mng'oma, koma nthunziyo imawononga mapapo a munthu, ndiye chotchinga mphuno ndi pakamwa chikhale chenicheni chopangidwira asidi, osati kansalu. Ku Britain lamulo limafuna mankhwala ovomerezeka monga Api-Bioxal, komanso kusunga zolemba zake kwa zaka 5. Asidi wogulidwa kuti atsukire matabwa musiyeni ku ntchito yake. Ndipo ulendo woyamba kaimeni pambali pa mlimi wa njuchi wa m'dera lanulo, muone manja ake. Safunsa anadya phula.

Za chakudya, mng'oma wamphamvu ku Britain umafuna makilogalamu pafupifupi 20 a uchi kuti utuluke m'chisanu. Ukaperewera, onjezerani mu Seputembala ndi madzi a shuga okhuthala, makilogalamu 2 a shuga woyera m'madzi opitirira pang'ono lita imodzi. Nthawi imeneyo njuchi zikadali ndi mphamvu youmitsa madziwo n'kuwamata m'zisa. M'chisanu sizingathe, ndiye madzi a shuga amangosasa n'kuzitsegula m'mimba. Chakudya cha m'chisanu ndi fondant, shuga wofewa wokandidwa. Muikeni pamwamba penipeni pa mulu wa njuchi, pakuti kukazizira sizichoka pamuluwo, ndipo zimatha kufa ndi njala uchi uli pachisa chachitatu. Shuga wabulauni ayi, amazidwalitsa. Uchi wogula m'sitolo ayinso, ngakhale mtima wachifundo ukuuzeni kuti ndicho chakudya chawo. Ungathe kubweretsa tizilombo ta matenda oola mphutsi, ndipo ku Britain mng'oma wogwidwa ndi mtundu woopsa wa matendawa umawotchedwa.

Kuti mudziwe ngati nkhokwe ilipo simufunika kutsegula. Nyamulani mng'oma pang'ono chakumbuyo ndi dzanja limodzi. Ukamakana kunyamuka, zili bwino. Ukapepuka, thamangirani fondant. Muzichita zimenezi masabata awiri alionse, makamaka mu Febuluwale ndi Malichi. Dzuwa likayamba kuoneka, mwini mng'oma amapuma n'kumati zapulumuka, chonsecho ndi pamene make wayambanso kuikira, njuchi zikutenthetsa ana mpaka madigiri 35, chakudya chikutha msanga kuposa mu Disembala, ndipo maluwa enieni sanayambe.