ZA M'KANEMA: Mahdi wa m'chipululu ndi Mahdi wa pa telefoni



Tsiku lina masana ku madrasa tinali kuphunzitsa zizindikiro za tsiku la Qiyama, ndipo titangotchula dzina la Mahdi, mnyamata wina wa zaka 12 anakweza dzanja. "Mwalimu, ameneyo ine ndinamuona. Ali ndi maso a buluu ndipo amakwera chinyongolotsi." Kalasi inaseka, ifenso tinayamba kuseka, koma phwete lathu linatha msanga pamene ana ena atatu anavomera kuti naonso anamuona. Onse anamuonera pa foni ya achimwene awo, m'filimu imene inalowetsedwa pa memore khadi kumsika. Usiku umenewo titaswali Isha tinabwereka khadiyo ndi kuonera filimu yonse, pakuti mwalimu sangatsutse chinthu chimene sanachione.

Filimuyo ndi Dune: Part Two, yomwe inatuluka mu 2024. Anaikonza ndi Denis Villeneuve wa ku Canada kuchokera m'buku la Frank Herbert la mu 1965. Ndi yaitali maola 2 ndi mphindi 46, ndipo inapanga ndalama zoposa madola 700 miliyoni a ku America, kutanthauza kuti ana amene anaiona pa dziko lapansi si anayi athuwa okha ayi. Nkhani yake ndi yopeka. Kuli dziko lina lakutali lotchedwa Arrakis, lomwe ndi mchenga wokhawokha, koma mumchengamo muli ufa wina wamtengo wapatali umene zombo zam'mlengalenga sizingayende popanda iwo. Mabanja achifumu ochokera kunja amaphana chifukwa cha ufawo, pamene eni nthaka, otchedwa Fremen, amabisala m'mapanga. Amene amatsatira nkhani za mafuta a ku Middle East saona chachilendo pamenepa. Mnyamata wina wa banja lachifumu, Paul Atreides, bambo ake ataphedwa amathawira kwa a Fremen pamodzi ndi mai ake, ndipo anthuwo amayamba kunong'onezana kuti mpulumutsi amene akhala akumudikira uja wafika.

Tisabise, filimuyi ndi yokongola. Mbali zambiri za chipululu anazijambulira ku Jordan ndi ku Abu Dhabi, ndipo ngakhale pa kagalasi ka foni munthu umamva ludzu. Ife a kunyanja, amene timatsuka mapoto ndi kuchapa m'madzi osatha, tiyenera kuona anthu amene amakama madzi m'mitembo ya adani awo ndi kudzudzulana wina akagwetsa msozi. Kwa anthu otere tayammum ndiyo ikanakhala udhu wa tsiku ndi tsiku.

Koma tsono tcherani khutu ku mau. A Fremen amamutcha Paul kuti Mahdi. Amamutchanso Lisan al-Gaib, ndipo mwana aliyense amene anayamba Chiarabu adziwa kuti lisan ndi lilime, ghaib ndi zobisika, zija timaphunzitsa kuti amazidziwa ndi Allah yekha. Dzina limeneli Herbert sanalipeke. Anthu a ku Persia ankamutcha choncho mlakatuli wao Hafez wa ku Shiraz zaka mazana angapo zapitazo. Paul amapatsidwanso dzina lakuti Usul, liu lomwelija timakumana nalo pa usul al-fiqh, ndi lina lakuti Muad'Dib, lomwe m'filimu ndi kambewa ka m'chipululu koma m'khutu limamveka ngati mu'addib, wophunzitsa ana mwambo. Apa tinaseka tokha usikuwo, pakuti mu'addib ndiye ife amene, ndipo chinyongolotsi sitinakwerepo. Liu limodzi lokha ndi limene okonza filimu analiopa: m'buku muli jihad, koma m'filimu analichotsa ndi kungoti nkhondo yopatulika.

Choncho mau ndi athu, zovala zikufanana ndi zathu, anthu akugwada mumchenga monga ochita sijida, koma chikhulupiriro chao filimu ikutiuza poyera kuti ndi bodza. Ulosi wa Mahdi unadzalidwa pakati pao kalekale ndi gulu lina la akazi ochenjera ochokera kunja, kuti tsiku lina adzawagwiritse ntchito. Mtsogoleri wao Stilgar, amene akumusewera ndi Javier Bardem, ndi munthu wolimba mtima ndi woona, koma filimu imamusandutsa choseketsa: chilichonse chimene Paul wachita, ngakhale kukana kuti iye si Mahdi, Stilgar amachiona ngati umboni wakuti ndi Mahdi ndithu. Wanzeru m'filimu yonse ndi mtsikana Chani, amene sakhulupirira kanthu. Mwana wa zaka 12 akaona zimenezi saphunzira ndale za mafuta. Amaphunzira kuti wopemphera ndiye wopusa.

Komabe tikhala osalungama tikanena kuti filimuyi ndi yonyoza basi. Chimene ikuchenjeza ndi chimene ifenso timachenjeza. Paul si mpulumutsi; pamapeto pake akuyatsa nkhondo imene iye mwini akudziwa kuti idzapha anthu osawerengeka, ndipo Chani akuchoka osamugwadira. Mbiri yathu ili nao anthu otere. Mu 1881 Muhammad Ahmad wa ku Sudan analengeza kuti ndi Mahdi, analanda Khartoum mu Januwale 1885, koma miyezi yochepa pambuyo pake anamwalira, dziko lapansi lili chikhalire ndi chisalungamo chake. Pa 20 Novembala 1979 gulu la Juhayman al-Otaybi linalanda Msikiti Wopatulika wa ku Makka ndi mfuti, likunena kuti mmodzi wa iwo ndi Mahdi. Kwa sabata ziwiri tawafu inaima, ndipo anthu mazana anafa pafupi ndi Ka'ba. Dzina la Mahdi mulibe m'Qur'an. Nkhani yake ili m'mahadith, monga a Abu Dawud ndi Tirmidhi, ndipo chimene maulama amatengamo ndi chakuti adzakhala wa ku banja la Mtumiki (SAW) ndi kuti adzaweruza mwachilungamo. Palibe pamene tinalamulidwa kusiya khasu kapena ukonde ndi kukhala pansi kumudikira.

Maganizo athu ndi awa: filimuyi si ya ana a msinkhu wa madrasa. Muli kuphana kwambiri ndi mipeni, ndipo muli malo amene Paul ndi Chani akugona pamodzi popanda nikah. Achinyamata okulirapo atha kuiona ngati bambo kapena mai akhala nao pafupi, chala chili pa batani, ndi kukambirana nao pambuyo pake. Ngati mulibe nthawi yokambiranayo, ilekeni.

Filimu yachiwiri ilinso ndi Mahdi, koma wa mtundu wina. The Voice of Hind Rajab inatuluka mu 2025, ndipo anaikonza ndi mai Kaouther Ben Hania wa ku Tunisia. Inapata mphoto yachiwiri pa chionetsero cha mafilimu cha ku Venice mu Seputembala chaka chomwecho. Iyi si nthano. Pa 29 Januwale 2024 galimoto ya banja lina lothawa nkhondo mu mzinda wa Gaza inaomberedwa, ndipo onse anafa kupatula kamtsikana ka zaka 5, Hind, kamene kanatsala pakati pa mitembo ya abale ake, foni ili m'manja. Kwa maola pafupifupi atatu kanalankhula ndi antchito a Red Crescent amene anali ku Ramallah, kakuwauza kuti kakuona akasinja pafupi ndi kupempha kuti abwere kudzakatenga. Ambulansi inali pa mtunda wa mphindi 8 zokha, koma sikanatha kunyamuka popanda chilolezo cha asilikali a Israel. Chilolezo chitabwera inanyamuka, ndipo nayonso inaphulitsidwa itatsala pang'ono kufika. Mitembo ya Hind, abale ake ndi amuna awiri a mu ambulansi inapezeka patapita masiku 12. Gulu lofufuza la ku London lotchedwa Forensic Architecture linawerenga mabowo 335 a zipolopolo pa galimotoyo. Asilikali a Israel anati iwo sanali pafupi.

Wokonza filimu wina akanatenga mwana wosewera, kumupaka magazi ndi kumuika m'galimoto kuti tilire. Mai Ben Hania sanatero. Kamera yao imakhala m'chipinda cha matelefoni ku Ramallah. Antchitowo akuseweredwa ndi osewera a ku Palestine, koma mau a mwana amene tikuwamva ndi enieni, ojambulidwa tsiku lomwelo. Palibe wosewera amene wavala nkhope ya Hind. Tikuona chimene antchitowo anaona, ndiye kuti makoma, mapu ndi kamzere ka mau kakunjenjemera pa kompyuta.

Mahdi wa m'filimuyi ndi bambo wa mu ofesi amene ntchito yake ndi kupempha njira yoti ambulansi idutse. Mnzake wachinyamata akumukalipira kuti atumize galimoto msanga, mwana akufa. Iye akukana, pakuti waika kale m'manda anzake ambiri. Akuimba foni uku ndi uku, akudikira, akuimbanso. Onse awiri akunena zoona, ndipo ichi ndi chimene chimapweteka. Amene anadikirapo galimoto ya chipatala usiku, mai woyembekezera akubuula pa mphasa, adzamudziwa mnyamata wokalipayo. Amene anaumirizapo bwato kuti lisapite pa nyanja mwera ukuomba, adzamudziwa Mahdi. Munthu uyu ali ndi dzina lalikulu lija koma alibe gulu lankhondo, ndipo sanathe kupulumutsa ngakhale mwana mmodzi. Ife tinamukhulupirira kuposa wa maso a buluu uja. Pali pena pamene mai wina wa pa telefoni, atasowa chonena, akuyamba kuwerenga Qur'an pamodzi ndi mwanayo kuti mtima ukhale pansi. Aphunzitsi anzathu, pamenepo mudzaimitsa filimu ndi kutuluka panja kaye.

Iyi ndi ya akuluakulu okha. Mulibe chamanyazi chilichonse, koma mau a mwanayo sachoka m'mutu, ndipo sitikuona chifukwa chosenzetsa mwana wa zaka 8 katundu wotere. Musaionere pa chisangalalo, ndipo musaipereke kwa omasulira a kumsika aja amene amathira nthabwala pa filimu iliyonse.

Zimenezi zatikumbutsa filimu yakale imene ambiri a inu munaionera m'nyumba za vidiyo mwezi wa Ramadhani, The Message, ya mu 1976. Moustapha Akkad, wobadwira ku Aleppo m'dziko la Syria, anaijambula ku Morocco ndi ku Libya, kawiri pa nthawi imodzi: ina m'Chingerezi ndi ina m'Chiarabu, osewera ake osiyana. Anakonza filimu ya maola atatu ya moyo wa Mtumiki (SAW) popanda kuonetsa nkhope yake kapena kumveketsa mau ake. Abu Bakr, Umar, Uthman ndi Ali (RA) saoneka. Cha Ali chimene timaona ndi nsonga ya lupanga lake lokha. Nkhani imasenzedwa ndi Hamza, amene anamusewera Anthony Quinn, ndi Bilal, amene anamusewera Johnny Sekka wobadwira ku Dakar. Maulama sanagwirizane: a ku Al-Azhar anavomereza zolembedwa zake, pamene a Muslim World League ku Makka anaikana, ndipo mpaka lero alipo mashehe amene salola kuti swahaba aliyense aseweredwe. Amene amatsata maganizo amenewo sitikuwatsutsa. Akkad anafa mu Novembala 2005 pamodzi ndi mwana wake wamkazi pamene mabomba anaphulika m'mahotela a ku Amman. Filimu yake inakonzedwanso mu 2018 kuti zithunzi ziwale bwino, ndipo ngati mukufuna kugula, funani imeneyo.

Chimene Akkad anachidziwa ndi chakuti nkhope ya m'kanema ikalowa m'mutu situluka. Ife tomwe tinaphunzira Sira zaka zambiri, komabe tikamawerenga za nkhondo ya Uhud, Hamza amene amabwera m'maso mwathu ndi Anthony Quinn ndi ndevu zake. Ndiye taganizani chikanachitika ndi chiyani akanaonetsa Mtumiki. Mmera mpoyamba, ndipo mnyamata wathu uja Mahdi wake woyamba ndi Timothée Chalamet.

Loweruka lotsatira, makolo atalola, tinasonkhanitsa kalasi ija ndi kuionetsa gawo la The Message pamene Asilamu oyamba athawira ku Abyssinia, ndipo Ja'far akuima pamaso pa mfumu yachikhristu Najashi kufotokoza za Isa ndi mai ake Maryam. Tinaonetsanso pamene ngamira ikusankha malo a msikiti ku Madina. Mnyamata uja anasuzumira pafupi ndi galasi nthawi yaitali, kenaka anatembenuka.

"Mwalimu, nanga Mtumiki ali pati?"

Tinamuuza kuti sadzamuona, ndipo tinafotokoza chifukwa chake. Tinabwerezanso phunziro la Mahdi kuyambira pachiyambi, ndi nkhani ya ku Sudan ndi ya ku Makka. Anamvetsera bwino ndithu, ndipo analemba m'kope mwake. Pamene anzake anali kuvala nsapato pakhomo anabwerera yekha ndi kufunsa chapansipansi ngati chinyongolotsi chija chokha chiliko.